Mphete Yakana Chala

Koma anthu ena amadziwa kubweretsa tsoka akumwetulira. Mayi ena analowa m'shopu yosulira golide mvula ikuwaza, anapinda ambulera, anapukuta nsapato pakhomo ngati mlendo waulemu, n'kukhala pampando wa makasitomala. Diso anawazindikira asanakhale n'komwe. Anali asanalankhulanepo, koma nkhope imeneyo ankaiona pafoni ya chibwenzi chake, mnyamata wa makina wa kuseri kwa msewu amene aliyense ankamutchula kuti Phokoso. Dzinalo linali lachipongwe. Makina ake osema zitsulo ndi phula wopangira zikombole za mphete ankabangula tsiku lonse, koma mwini wake kuti atulutse mawu, mpaka umukoke lilime.

Nayenso Diso dzinali anachita kupatsidwa ndi bambo ake, mmisiri wosula golide, maso awo atayamba kuchita nkhungu. Iwo anatsala ndi moto ndi manja. Kujambula mphete pakompyuta, kuyeza zala ndi kucheza ndi makasitomala, zonsezo zinagwera mwana wawoyo.

Mayiwo anamasula kampango n'kuika pakauntala mphete yakale, yonenepa, yoperepeseka mbali imodzi.

"Iyi anandiveka ndi malemu bambo a ana anga," anatero. "Ndikufuna muisungunule, mupangemo yatsopano, yachitsikana. Mwana wanga akuveka munthu mphete mwezi uno."

"Mwana wanu uti, amayi?"

"Wamwamuna ndili naye mmodzi yekha. Si yemwe amakusemerani phula uja? Ndi wamanyazi, ndiye ndangoti ndimuyendetsere ndine zinthu. Mtsikana wake ndi mwana wa mnzanga, amasoka madiresi a ukwati. Mwana wabwinobwino, sanalowepo m'nyumba ya mwamuna." Anatsitsa mawu. "Ndamva mphekesera zoti pali kamkazi kena kobwerera ku banja kakumuzunguza mutu. Ine ndili moyo, zimenezo ayi."

Kamkazi kobwerera ku banjako kanali Diso yemweyo, kali khale patsogolo pawo, cholembera chili m'manja. Ukwati wake woyamba unatha popanda mwana, ndipo anthu anali atagamula okha chifukwa chake osamufunsa. Anaika mpheteyo pasikelo.

"Golide wabwino uyu, amayi. Mtsikanayo abwere tidzamuyeze chala."

"Ndiwe mwana waulemu iwe. Akanakhala kuti onse ali ngati iwe, bwenzi ife makolo tikugona tulo."

Atatuluka, bambo ake anaimitsa ntchito kubenchi yawo yakumbuyo.

"Nanga mawu ako athawira kuti?"

"Ndi chimfine, ababa."

"Chimfine cholowa ndi kasitomala," anang'ung'udza okha, n'kupitiriza kupala kandolo kamene anali nako m'manja.

*

Diso anamulembera Phokoso uthenga nthawi yomweyo: "Mayi ako anabwera. Mafuno abwino pa ukwati wako."

Foni inaonetsa kuti wawerenga. Inaonetsa kuti akulemba, kenako zii. Akulembanso, kenako zii. Asa! Munthu ameneyu ngakhale pafoni anali wachibwibwi.

Masana Diso anafunda juzi kumutu n'kudumpha zithaphwi mpaka kuseri kwa msewu. Mogwirira ntchito mwa Phokoso munali fungo la oilo, pansi pali mbwee tizipalapala ta phula wobiriwira. Phokoso atamuona anazimitsa makina, ndipo bata limene linagwa m'menemo linali loopsa kuposa kubangula kuja.

"Ndimafuna ndikuuze," anatero akupukuta manja oyera kale.

"Liti? Mwana wanu woyamba akamayamba sukulu?"

"Inetu sindinavomere."

"Unakana?"

Phokoso anaika pambali nsanza yopukutira m'manja.

"Mayi anga suwadziwa, Diso. Magazi awo amathamanga. Chimwalirireni bambo, ndikangotsutsa pang'ono amagona, tonse n'kumathamanga ndi mankhwala."

"Ndiye poti ine magazi anga amayenda bwino, ndine woyenera kupondedwa?"

Maso a Diso anagwera pashelefu pamwamba pa makinawo. Pamenepo panali dzanja loyera lapulasitiki, la munthu wamkazi, kachala kakumapeto kali kokhota. Linali dzanja lake, ndipo kachalako kanapanidwa ndi chitseko ali mwana. Chikondi chawo chinayambira pamenepo. Phokoso atagula makina ojambula chinthu mbali zonse n'kuchilowetsa m'kompyuta, anasowa choyeserera, ndiye anapempha dzanja la Diso. Analigwira, kulitembenuza, kuliwongola, nthawi yaitali kuposa imene makinawo ankafuna, mpaka Diso anamufunsa ngati akujambula kapena akufunsira. Pambuyo pake iye analisema n'kuliika pashelefu. Diso anasunga chithunzi chake m'kompyuta, ndipo mphete iliyonse imene wajambula ankaiveka dzanja limenelo kuti kasitomala aone mmene idzaonekere pachala.

"Dzanja lapulasitiki ukulisunga poyera, mwini wake ukumubisa," anatero. "Mapanga awiri avumbwitsa, Phokoso."

"Ndipatseko nthawi."

"Nthawi ili ndi mayi ako, anena kale kuti mwezi uno. Tamvera. Mpheteyo ndijambula, ndipo ndijambula yokongola, sindingaipitse ntchito ya bambo anga chifukwa cha iwe. Fayilo ikafika, wosema phula ndiwe. Ukaisema uli chete, ndidziwa kuti wandiyankha."

Anadikira pakhomo pang'ono, mwina amuitana. Anangomva makina akuyakanso kumbuyo kwake.

*

Mtsikana wosoka uja, Wamadiresi, anabwera m'mawa mwake, perefyumu atatsogola. Diso anali atapemphera kuti akhale wonyansa, koma ayi ndithu, mtsikanayo anali wokongola, wa khungu losalala ndi zala zonenepa bwino. Izi zinamupweteka kwambiri. Anatenga mkoko wa timphete tachitsulo toyezera n'kumamuyesa kamodzikamodzi mpaka kena kanadutsa bwino pamfundo ya chala.

"Mwamuna wangayo mumamudziwa eti, asisi? Akuti mumagwira naye ntchito."

"Amatisemera phula."

"Wofatsa mochititsa mantha. Komatu ofatsawa ndi amene amabisa zambiri. Ine ndiye maso anga ali pa iye, ndikapita kuntchito kwakeko ndimayang'ana paliponse."

Diso analemba saizi n'kumuperekeza ndi kumwetulira kouma.

Masiku otsatirawo anakhala pakompyuta msana uli khoto. Anajambula mphete yopyapyala, pamwamba pake timasamba tiwiri tofungatira kamwala koyera. Ankaizunguza pagalasi la kompyutayo, kuikulitsa, kusalaza apa, kuchepetsa apo, misozi ikabwera n'kumaipukuta ndi mkono kuti isagwere pamabatani. Kunena zoona anajambula mphete imene iye mwini ankailakalaka. Atamaliza, manja ake anachita zimene anazolowera mutu usanafunsidwe: anaiveka dzanja lija la m'kompyuta, n'kutumiza chithunzi kwa Wamadiresi.

Yankho silinachedwe. "Mphete ndaikonda."

Kenako lina. "Koma dzanjali ndinalionapo."

Kenako chithunzi: shelefu ya Phokoso, dzanja loyera lija lili pompo, kachala kali khotee.

Diso anagwira pakamwa. Foni inayamba kulira m'manja mwake, ndipo anatuluka nayo panja kuti bambo ake asamve.

"Ndiye ndinu, asisi?" Mawu a Wamadiresi anali ozizira bwino. "Tsiku lija poyeza ndinakaona kachala kanuko, ndimangoti mwina ndi maso anga. Mpaka kundiyeza chala mukumwetulira, koma muli ndi mtima inu!"

"Ndinayamba ndine kudziwana naye."

"Kuyamba si nkhani. Munayambanso kukwatiwa, zinatha bwanji? Ameneyu kwa inu anali fodya wapachala, wapita ndi mphepo."

"Mufunseni mwini wake amene akumufuna."

"Ndimufunse ndani, duu uja?" Anaseka. "Ameneyo amapita kumene mayi ake aloza. Musaope, sindiwauza. Inu mungomaliza mpheteyo, ndipo tsiku loiyesa mudzandiveke ndi manja anu omwewo, iye ali pomwepo akuonerera. Mukatero tathana."

Foni inaduka. Diso anaima pakhonde la shopu mvula ikumuwazira kumapazi, ndipo chimene chinamuwawa kwambiri chinali chakuti mtsikanayo anamudziwa Phokoso bwino lomwe.

*

Fayilo Diso anaitumiza kwa Phokoso ndi mawu ochepa: "Ya mayi ako. Saizi ili momwemo."

Anadikira. Foni ikati ilire, mtima unkadumpha, koma ankapeza ndi kasitomala wofuna ndolo kapena uthenga wa kampani ya mafoni. Ankadzinamiza kuti mwina akulimbana ndi mayi ake kunyumba, mwina abwera chimanjamanja n'kunena kuti wakana kusema. Munthu ukakonda umapusa, ndipo umadziwa kuti ukupusa.

Phokoso anabwera tsiku lina chakumasana, maso ali psuu, ndevu zosameta. Sanabwere chimanjamanja. Anaika kabokosi pakauntala, mkati mwake muli mphete ya phula wobiriwira, yosemedwa mwaluso mpaka timitsempha ta masamba.

"Diso, uyione bwinobwino."

"Ndaiona. Wandiyankha."

"Ayi, ndikuti uyione..."

"Zikomo achimwene, ntchito talandira. Pali china?"

Phokoso anayang'ana kubenchi kumene kunali bambo aja. Anatuluka mapewa ali pansi.

Lamulo la shopu imeneyo linali lakuti phula asanapite kumoto, azilowetsedwa kaye pakamtengo koyezera saizi. Diso anali asanaphwanyepo lamuloli. Koma tsiku limenelo kuigwira mphete ija kunali ngati kugwira khala, ndiye anangonyamula kabokosiko n'kukapereka.

"Wayeza?" anafunsa bambo ake.

"Ndayeza, ababa."

Mkuluyo anakwirira phulayo mu pulasitala, n'kuika chikombolecho m'ng'anjo mpaka phula yense anasungunuka n'kusiya malo ake. M'mawa mwake anaika mphete yakale ija m'kambale ka moto. Diso anaima chapatali akuonerera. Mpheteyo inafiira, inafooka mbali imodzi, kenako inagwa n'kusanduka dontho lonyezimira lonjenjemera. Bambo ake analithira m'chikombole dzanja lili nji, osataya ngakhale pang'ono.

"Golide alibe chisoni," anatero akupukuta thukuta. "Chala chimene wakhalapo zaka zonsezi amachiiwala lero lomwe."

Mphete yatsopanoyo anaipala ndi kuiwalitsa okha. Diso anangoikapo kamwala mpheteyo itapanidwa pachogwirira, n'kuitsekera m'kabokosi mwamsanga osafuna kuionanso.

*

Loweruka m'mawa anafika onse atatu. Mayi aja anavala zakutchalitchi, Wamadiresi atapaka zikhadabo utoto wofiira, Phokoso ali m'shati yosita ataima pafupi ndi chitseko ngati munthu wobwera kudzawerenga mita. Bambo a Diso anavula epuloni n'kubwera kutsogolo, poti ntchito ya golide wa malemu inali yofunika ulemu.

Kabokosi katatsegulidwa, mayiwo anagwira pachifuwa. "Mayo ine, kukongola! Bambo ako akanaona."

Wamadiresi anatambasula dzanja, maso ali pa Diso. "Ndivekeni, asisi."

Diso anagwira chalacho n'kulowetsa mphete. Inadutsa chikhadabo, inafika pamfundo, n'kuima. Anakankha pang'ono. Anapotoza. Chala chinayamba kufiira, mphete osasuntha.

"Mukundipweteka! Kodi si inu munandiyeza?"

Diso anaichotsa n'kuilowetsa pakamtengo koyezera, ndipo mutu wake unaima. Mpheteyo inali yochepa kwambiri, ndipo nambala imene inaimapo ankaidziwa bwino. Inali saizi ya chala chake. Anadzutsa maso kuyang'ana Phokoso, Phokoso n'kuyang'ana nsapato zake. Apa m'pamene anamvetsa zimene munthuyu ankatanthauza ndi kabokosi kaja. Anali atasintha saizi pamakina ake. Chimwemwe chinamudutsa mumtima ngati mphezi, koma mkwiyo unabwera pambuyo pomwepo. Mwamuna wanji wosankha mkazi mobisa ngati wakuba, n'kusiyira makina kuti amulankhulire?

Wamadiresi sanali wogona. Anaona maso awiriwo, anatsomphola mphete pakamtengo paja, n'kugwira dzanja la Diso mwamphamvu. Diso asanalikoke, mphete inali italowa, yadutsa pamfundo n'kukhala pamalo pake ngati inabadwira pomwepo.

"Mwaona, amayi? Ndimafuna kukusungirani mtima, koma onani nokha. Kamkazi kobwerera ku banja kaja ndi aka! Katenga golide wa malemu n'kudzipangira mphete yake!"

Mayiwo anadzuka pang'onopang'ono.

"Iwe? Iwe amene ndinakuyamikira ulemu? Ndinakukhuthulira za kumtima kwanga, iwe uli phee kundiseka m'mimba?"

"Amayi, ine sindinasinthe kanthu."

"Pepani mayi, tiyeni tiyende bwino," analowererapo bambo a Diso, mawu awo ali otsika koma olemera. "Za chibwenzizo ndikuzimva lero, ndipo tikambirana kunyumba. Koma mwana wangayu sanaphonyepo saizi ya munthu, ndipo si wakuba. Ntchito imachoka kwa iye n'kudutsa m'manja mwa mnyamatayu. Afotokoze."

Onse anatembenukira kuchitseko.

"Lankhula," anatero mayi ake, dzanja lili pachifuwa, akupuma mothamanga. "Unasintha ndiwe?"

Diso anamuyang'ana, mtima wake wonse uli m'maso. Liwu limodzi lokha, abale. Eya basi. Akanangonena limenelo, iye akanapirira kutukwanidwa konse, akanapirira ngakhale mkwiyo wa bambo ake. Phokoso anayang'ana Diso, anayang'ana dzanja la mayi ake pachifuwa paja, n'kunyambita milomo.

"Makina amasema zimene atumiziridwa, amayi."

Diso sanalire. Manyazi okha ndi amene anamugwira, osati a iye mwini koma a mwamuna amene anamukonda. Anagwira mphete ija kuti aivule aiponye pakauntala, koma inakana. Kukankha kwa Wamadiresi kunali kutatupitsa mfundo ya chala. Anakoka mpaka khungu linasupuka. Bambo ake anabweretsa sopo, kenako ulusi, koma chala chinkangotupirabe.

"Ikukana kapena mukuikaniza?" anafunsa Wamadiresi.

"Dulani," anatero mayiwo. "Golide wa mwamuna wanga sakhala pachala chimenecho ngakhale mpaka masana. Dulani, mukaisungunulenso."

Bambo a Diso anatsegula kabati n'kutulutsa kamacheka kodulira mphete. Anapapasa dzanja la mwana wawo, anayandikiza nkhope mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda chala, kenako anapukusa mutu.

"Chatupa kwambiri, ndipo maso angawa ndi omwewa. Ndimucheka mwana."

"Mpatseni uyu," anatero mayiwo akuloza mwana wawo. "Si ndiye katswiri wa zitsulo? Iwe, bwera udule."

Phokoso anayenda kuchoka pachitseko ngati akukokedwa ndi chingwe. Analandira kamacheka kaja. Kenako anagwira dzanja la Diso, ndipo aka kanali koyamba kuligwira anthu akuona.

"Pepa," ananong'ona, motsitsa moti anamva ndi Diso yekha. "Ndikonza. Ingondilola ndidule, tikambirana."

Diso anamuyang'ana nkhope yonse, ndevu zometedwa mwaulemu, maso ofiira aja. Kenako anapinda zala zake chimodzichimodzi mpaka dzanja linasanduka chibakera, mphete ili mkati.

"Tambasula, Diso, chonde."

"Udula," anatero mokweza kuti aliyense amve. "Ine mphete ya munthu wamantha sindikuifuna. Koma uyambe wabwereza zimene wanena zija ukundiyang'ana m'maso. Unene kuti ndine wakuba, bambo anga akumva. Ukatero nditambasula."

"Iwe, usamumvere ameneyo!" anakuwa Wamadiresi. "Tiyeni tikaitane apolisi, amayi!"

Anatembenuka kuti atuluke, koma anapeza bambo a Diso atafika kale pachitseko. Mkuluyo anapapasa loko, anazunguza kiyi, n'kumuika m'thumba la malaya.

"Apolisi muwaitana, mwana wanga, foni muli nayo," anatero. "Koma muno simutuluka munthu mpaka mnyamatayu atayankha."

Phokoso anaima pakati pa shopu, kamacheka kali m'dzanja limodzi, chibakera cha Diso chili m'dzanja linalo. Mkati mwa chibakeracho chala chinali chitayamba kuda.